Parafini wa Apongozi

Inu ana anga, mwandivutitsa mokwanira kuti ndilembe. Rozita wafika pondigulira kaderno, buku lolembamo, ndi zolembera ziwiri, akuti, "Ababa, nkhani zanu zimasintha tsiku ndi tsiku, ziikeni papepala zikhale phee." Chabwino, ndamva. Za ubwana wanga sindilemba, munalibe kanthu koma mphere ndi ng'ombe za eni ake. Sukulu ndinalekezera kwarta kalasi, kalasi yachinayi, ndiye mukapeza chilembo chopindika musaseke, dzanja lomwelo ndi limene linakulerani. Ndiyambira pamene ndinayamba kununkha mafuta.

Chaka chobwerera kuchokera ku Dedza

Nkhondo itatha tinawoloka malire kuchoka ku Dedza kumene tinathawira, kubwerera kwathu mphasa zili pamutu, tinapeza nyumba zitagwa, m'minda mutamera thengo. Anzanga anagwira makasu. Ine ndi khasu sitinamvanepo chibadwire, choncho ndinapita ku Domwe kukafuna ntchito ya pamthunzi. Ndinaipeza kwa Senyoro Abudu, mkulu wina wochokera kugombe la nyanja yamchere, wowonda ngati nsungwi. Anali ndi migolo itatu basi: wa gasolina amene ena amati petulo, wa gazoliyo, dizilo wa mathirakitala ndi makamiyau onyamula katundu, ndi wa parafini wa nyali. Paunyamata wawo anagwirapo ntchito kumwera, pa fakitale yoyenga mafuta isanatsekedwe, ndipo mafuta ankawalemekeza monga ena amalemekezera njoka.

Tsiku loyamba sanandilole kugwira mpope. Anandikhazika pakhonde nandifunsa, "Kandido, mafuta amachokera kuti?" Ndinati, "Ku Beira, patrau," ndiko kuti bwana. Iwo, "Asanafike ku Beira?" Ine, "Kwa azungu." Anaseka mpaka kutsokomola. Kenaka anandiuza kuti kalekale, kusanakhale munthu woti nkuwerenga zaka, tizilombo ting'onoting'ono ndi ndere za m'nyanja zinkafa nkumira m'matope. Pamwamba pake pankabwera mchenga, pamwamba pa mchenga mchenga wina, mpaka zonse zinasanduka thanthwe. Kulemera kwa thanthwe ndi kutentha kwa pansi kunaphika zakufazo pang'onopang'ono mpaka zinakhala mafuta akuda bii, olemera, onunkha. Anthu amaboola pansi ndi makina monga amakumbira mjigo, koma mozama kwambiri, pena ngakhale pakati pa nyanja, nkuwakoka ndi mapayipi. Ine ndinati, "Ndiye kuti patrau, ife tikugulitsa maliro?" Anati, "Maliro akale, opanda mwini. Khala chete umve."

Anandifunsa ngati kwathu kuno timatcheza kachasu. Ndinati ine ayi, ndine wa kwaya, koma ndinamvako kwa anthu. Anati mafuta akudawo sangayendetse galimoto kapena kuyatsa nyali mpaka atawatcheza chimodzimodzi. Amawawiritsa, nthunzi nkukwera mu nsanja yachitsulo yaitali kuposa mtengo wa bulugama. Zopepuka zimathamangira pamwamba penipeni, ndiye gasi ndi gasolina, mutu wa kachasu umenewo. Pansi pake pamatuluka parafini, kenaka gazoliyo, kenaka oyilo wa injini, ndipo masese otsala pansi ndi phula la pamsewu. Atatero anatenga timbale tiwiri ta tiyi, natuluka nane pabwalo, kutali ndi migolo. M'kamodzi anathira parafini naponyamo machesi oyaka. Machesi anangoti tsii, kuzima. M'kachiwiri anathira gasolina, nandiuza kuti ndiyatse ndine. Machesi asanafike n'komwe m'mbale, moto unangoti phuu, nsidze zanga zonse kupita. Ndikupukuta misozi, iwo anati, "Awiriwa mayi wawo ndi mmodzi, koma kufakitale anawalekanitsa dala. Parafini ndi mkulu wofatsa, sayaka popanda chingwe. Gasolina ndi chidakwa, amayamba ndewu asanamuyankhule. Ukadzawabwezera m'nyumba imodzi, wapha munthu."

Zaka za pa bomba

Senyoro Abudu atakalamba anabwerera kwawo, ine nkupeza malo pa bomba yatsopano yothirira mafuta m'mbali mwa msewu wochokera ku Vila kupita ku Kalomwe. Mwini wake anali a Faustino, munthu amene analemera ndi mbatata ya kachewere, wa mimba yake ndi mawu ake. Sanali woipa tsiku lililonse, izi ndinene. Amayi anu atadwala anatipatsa galimoto. Koma mafuta ankawaona ngati mbatata: yovunda uyike pansi pa thumba, yabwino pamwamba. Pa bomba panali mathanki atatu okwiriridwa pansi, iliyonse ndi chivundikiro chake chachitsulo. Chofiira cha gasolina, chakuda cha gazoliyo pakati, cha buluu cha parafini. Mpope wa parafini unali wopukusa ndi dzanja, ndipo mkono wake tinkauzula madzulo nkuusunga mkati.

Tsopano ndinene za agogo anu, a Nangozo, apongozi anga. Inu munawadziwa akundikalipira poyera, ndiye mumayesa zinali choncho chiyambire. Ayi. Zaka zisanu ndi ziwiri zoyamba za ukwati wanga sindinawayang'anepo kumaso, ndipo iwo sanatchulepo dzina langa. Mwambo wake unali umenewo. Tikakumana panjira ine ndinkalowa m'chimanga, ngakhale cha eni, iwo nkutembenuka kuyang'ana phiri. Chovuta n'chakuti ankachita malonda a parafini wa m'timabotolo pa kamsika ka kumudzi kwawo, ndipo powoda pake panali pa ine. Ankafika ndi chigubu, nkuchiika pafupi ndi mpope, nkukaima kuseri kwa bulugama. Akafuna kunena kanthu ankauza aliyense amene ali pafupi, "Auzeni bambo a pampopewo adzaze mpaka pakhosi, thovu si parafini." Ine ndikumva ndithu, koma ndinkadikira mthengayo abwereze.

Chaka china mvula inadula msewu wa kumunsi, kamiyau ya mafuta osafika masabata atatu. M'midzi anthu anabwerera ku miuni ya udzu. Azamba ankabwera kudzandigwadira kuti ndiwakokere ngakhale kapu imodzi, koma thanki inkangolira mphepo. Zigubu ndi mabotolo zinafola kuchokera pampope mpaka kumsewu, chilichonse ndi mwala pamwamba posunga malo a mwini wake.

Lachinayi, tsiku la njereza

Sekretariyo wa dera anabwera ndi uthenga woti mawa lake adiministradori, mkulu wa boma lathu, adutsa ndi alendo, ndiye paliponse payere. Inu mukudziwa mmene timachitira kuno kukamabwera akuluakulu. Njereza pamiyala, njereza pamitengo mpaka m'chiuno, galu akagona nthawi yaitali amadzuka woyera. A Faustino anayang'ana zivundikiro za mathanki nati, "Izi zikuchititsa manyazi, paka." Ndinapaka ndine, zitatu zonse mbee. Polowera magalimoto anthu anamangapo chipata cha nsungwi ndi masamba a nthochi.

Dzuwa litapendeka, kamiyau ija inatulukira. Anthu anaimba nthungululu ngati kwabwera mkwatibwi. Koma chifukwa cha chipata chija motorista woiyendetsa, a Mateyu, sanathe kulowera mbali yawo ya nthawi zonse. Anazungulira nkulowera mbali ya ku Kalomwe. Ine zaka zonsezo ndinali ndi chizolowezi changa: dzenje loyamba kuchokera kumutu kwa kamiyau ndi la gasolina. Utoto ndinkangouona ndi ngodya ya diso. Tsiku limenelo utoto panalibe, kamiyau inayang'ana kwina, anthu akukankhana kumbuyo kwanga, wina akundikoka malaya. Ndinalumikiza payipi pa dzenje loyamba, a Mateyu nkutsegula. Gasolina anayenda nthawi yokwanira kunena Atate Wathu katatu kapena kanayi. Kenaka nsapato yanga inapala njereza pachivundikiro chimene ndinachiika pambali, ndipo pansi pake panaoneka buluu.

"Tsekani! A Mateyu, tsekani!"

Tinalowa mu ofesi atatu. A Mateyu anati thanki imeneyo iyenera kupopedwa yonse, itsukidwe, parafini adikire m'kamiyau kapena abwerere. A Faustino anati, "Abwerere? Anthu awa akhala mumdima masabata atatu, ukawauze ndiwe? Mawa kukubwera akuluakulu, apeze ndewu pabomba panga? Thirani parafini pamwamba, zisakanikirana. Dontho la mowa m'chitsime linaledzeretsapo ndani?" A Mateyu anati iwo ntchito yawo ndi chiwongolero, zinazo za eni ake. Pamenepo patrau anandiyang'ana ine. "Kodi walumikiza payipi ndani?"

Ana anga, apa ndi pamene nkhani yanga imasintha ndikamaikamba pamowa. Pamowa ndimati ndinakana. Papepala ndilemba zoona. Sindinakane, ndinatuluka, ndipo parafini ndinamuthira ndi manja angawa pamwamba pa gasolina.

Lachisanu m'mawa

Ndinayamba kupukusa mpope dzuwa likutuluka. Ndinkadziuza kuti patrau akunena zoona, dontho m'chitsime. Apongozi anali m'gulu loyamba, popeza mwala wawo unagona pamzere masabata awiri. Ndinawadzazira chigubu mpaka pakhosi. Atachisenza, ndinamva mawu awo kuseri kwa bulugama akuuza mayi wina wa pamzere, "A Nambewe, auzeni bambo a pampopewo kuti parafini wawo wa lero akununkha galimoto." Anthu anaseka, ine ndinaseka nawo, ndinati, "A Nambewe, auzeni kuti wabwera pagalimoto, sanabwere pabulu." Apongozi anapita. Iwo za kudikira akuluakulu m'mbali mwa msewu analibe nazo ntchito.

Koma mawu awo sanandichoke m'mutu. Patapita nthawi, botolo lina linasefukira, mafuta nkundithira padzanja. Parafini amakhala pakhungu, amaterera, umapita naye mpaka kunyumba. Uyu anazizira zii, nkuyamba kuuma ndikuona. Ndinauza anthu kuti ndikupita kuchimbudzi. Ndinatenga kambale ka tiyi ka patrau ndi machesi, ndinapita kutali kuseri kwa mpanda, ndinathira pang'ono. Ndinapemphera kuti machesi ati tsii. Moto unalumpha machesi ali m'dzanja.

Mwina simukudziwa nyali ya koloboyi, inu a magetsi a dzuwa. Ndi kachitini, chingwe chili pakamwa, moto pamwamba pa mafuta penipeni. Imakhala pamphasa, pafupi ndi ana, pansi pa denga la udzu. Anthu amaithira mafuta ili chiyakire. Ndinaona zonsezo nditaima kuseri kwa mpanda.

A Faustino ndinawapeza atavala suti, akukonza tayi pagalasi. Ndinawauza. Anati, "Tseka pakamwa mpaka alendo adutse. Madzulo tikambirana." Ndinati, "Patrau, madzulo ndi pamene nyali zimayaka." Anatseka chitseko nayankhula motsitsa. "Kandido, mkazi wako ali ndi pakati. Ukatsegula kamwa lakolo, ntchito yatha, ndipo apolisi akafunsa, a Mateyu anaona amene anagwira payipi. Bwerera kumpope." Pakati pamenepo unali iwe Rozita, miyezi isanu ndi iwiri.

Ndinabwerera kumpope. Wotsatira pamzere anali mayi wina wachitsikana, khanda kumbuyo, akundilozetsa botolo lake. Khandalo linkandiyang'ana, chala chili m'kamwa. Ndinagwira mkono wa mpope, ndipo m'malo mopukusa ndinauzula. Ndinakwera pa mgolo umene unali pafupi ndi msewu. Anthu a dera lonse anali atafola pamenepo ndi timbendera, ambiri mwa iwo omwe ndinawagulitsa m'mawa. Ndinafuula, "Aliyense amene wagula parafini lero asayatse! Muli gasolina! Ndalakwitsa ndine! Bwezani!"

Anaseka. Inde, anaseka. Ndi malipiro a munthu wanthabwala amenewo. Chaka chapitacho ndinali nditawanamiza kuti mpope watulutsa thobwa. Wina anakuwa, "A Kandido mwayamba m'mawa lero!" Sekretariyo anandigwira mwendo, "Kamarada, tsikani, alendo ali pafupi!" Ndinatsika, koma ndinalanda botolo m'manja mwa a Nambewe ndi mbale ya mayi wina wa zitumbuwa, ndinapita pakati pa msewu, kutali ndi mathanki. Ndinathira. Ndinati, "Amene amadziwa parafini, kodi amayaka popanda chingwe?" Ndinaponya machesi. Lawi linafika m'chiuno mwanga. Azimayi anayamba kukuwa, ndipo mzere wonse wa timbendera unabalalika, aliyense kuthamangira kwawo kumene anasiya botolo ndi ana. Akuluakulu atadutsa anapeza miyala yoyera, sekretariyo ndi mbuzi.

Lachisanu, dzuwa litapendeka

Apolisi awiri anandisunga ndi mafunso mpaka masana. Mabotolo ankabwerera, ena akundiponyera ndi matemberero, ndipo ndinawalandira onse. Koma mtima wanga unali pa chigubu chimodzi. Mabotolo a enawo anali a nyumba imodziimodzi. Chigubu cha apongozi chinali cha mudzi wonse. Atandimasula ndinamangirira mkono wa mpope panjinga, kuopa kuti patrau angaubwezere ine nditachoka, ndipo ndinapalasa. Njira yake ndi zitunda zokhazokha, matope a mvula ija, ndipo pamtsinje ndinawoloka njinga ili paphewa, madzi m'chifuwa. Maso anga anali padzuwa. Pamene ndinkafika linali litatsala pang'ono kukhala pamwamba pa mitengo.

Msika unali utatha. Apongozi anali okha pansi pa mtengo, akutsuka fanelo, chigubu chili pambali, chopepuka. Ndinagwada patali monga mwa mwambo, ndinayang'ana uku ndi uku kufuna munthu woti anditengere mawu. Kunalibe ngakhale mmodzi. Iwo atandizindikira anatembenuka nadziphimba ndi chitenje. Dzuwa silinkadikira. Ndinatsegula pakamwa.

"Amayi."

Anadzidzimuka ngati awombedwa. "Kalanga ine! Mwana wanga wamwalira?"

"Ayi, ali bwino. Koma parafini uja muli gasolina. Amene ayatse lero apsa ndi nyumba yomwe. Mwagulitsa angati?"

Anachotsa chitenje nandiyang'ana kumaso koyamba chikwatire changa. Sanandikalipire, sanafunse kuti zatheka bwanji. Anayamba kupinda zala, akutchula mayina, nyumba ndi nyumba. Khumi ndi atatu anawatchula mosakayika. Pa wakhumi ndi chinayi anaima. Kenaka anati, "Miyendo yanga siyingathe. Imikani njingayo."

Ana anga, agogo anu anakwera njinga ya mkamwini. Kuti asandigwire m'chiuno, anatenga mkono wa mpope uja nauika pakati pathu, iwo kugwira uko, chitsulo chikundibaya msana. Anthu ankatuluka m'nyumba kukamwa kuli yasa. Iwo ali kumbuyo ankangolamula, "Kumanzere! Palasani, kodi simudya?" Pakhomo lililonse sankaodira n'komwe, ankalowa nkutuluka ndi botolo, pena ndi nyali yomwe, nkukhuthula m'dothi kutali. Nyumba ina eni ake anali kudimba, tinathyola chitseko. Yakhumi ndi chitatu inali kutsidya kwa dambo, kwa mkazi wa katekisita. Tinafika kukuyamba kuchita chisisira. Chitseko chinali chotsegula, ndipo ndinaona mayiyo atagwada, nyali yodzaza ili pamphasa, ana atatu ataizungulira, iye akutsegula bokosi la machesi. Apongozi analumpha njinga isanaime, ndipo mbama imene anamenya dzanja la mayiyo inamveka mpaka kudambo.

Titakhala pansi panja, ndinafunsa za wakhumi ndi chinayi. Anati, "Si wa kuno. Wa njinga, wonyamula matumba a chimanga kupita ku Kalomwe. Mayankhulidwe ake a kutsidya. Chipewa chofiira. Anati mkazi wake wangochira kumene, akufuna kuwala m'nyumba." Dzina sanamufunse. Angamufunse chifukwa chiyani?

Zaka za pambuyo pake

M'mawa mwake ndinali pa Kalomwe mageti a pamalire asanatsegulidwe. Ndinafunsa anjinga onse, osintha ndalama, azimayi a mbatata. Ndinawoloka mpaka ku Dedza, ndinasiya uthenga m'misika ndi kumatchalitchi, ndinafunsa kuchipatala ngati kwabwera wopsa. Zipewa zofiira ndinapeza zisanu ndi chimodzi, palibe amene anagula parafini. Ndinabwerako patapita masiku anayi.

Ntchito inatha monga ananenera a Faustino. Mkono wa mpope ndinakaupereka kupolisi, ndipo anaubweza thanki itapopedwa. Patrau anauza anthu kuti ndinali nditaledzera, ena amakhulupirirabe mpaka lero. Iwe Rozita unabadwa ine ndikulima kachewere kwa eni, ine amene ndinathawa khasu. Patapita chaka ndinapeza malo osunga gazoliyo wa mathirakitala pa famu ina ku Lifidzi, ndipo ndinakhala pamenepo mpaka reforma, kupuma pa ntchito. Chinthu choyamba chimene ndinachita kumeneko ndi kukhoma zilembo pa chivundikiro chilichonse ndi msomali, kuti njereza ikabwera ipeze mabowo.

Apongozi anatumiza nkhuku yoyera ndi uthenga woti popeza tayankhulana kale, tizingoyankhulana. Ndinayesa ndi mwayi. Anandikalipira zaka makumi awiri, tsiku lililonse, kubweza za zaka zisanu ndi ziwiri zija. Koma pamene ankadwala komaliza anandiitana ndekha, nandifunsa, "Bambo a Rozita, wa chipewa uja?" Ndinapukusa mutu. Iwo anatembenukira kukhoma.

Tsono mumandiseka tikapita pa Kalomwe, mumati nkhalamba yasokonezeka, ikungoima nkumayang'anitsitsa anthu a njinga m'manja ndi kumaso. Sindinasokonezeke. Chipewa chija chinatha kalekale, ndikudziwa, ndipo mwini wake ngati alipo ali ndi imvi ngati ine. Ndikadzamupeza khungu lake lili losapsa, ndidzamugulira chakumwa chimene angafune, osamuuza chifukwa. Ndikadzamupeza ndi zipsera, ndidzamuuza dzina langa.